Dzina langa linafika kwa obwereketsa ndalama ine ndisanafike

Mu Julaye 2024 ndinavala diresi yosoka ndekha, n'kutenga envelopu ya mapepala, ulendo wa ku ofesi ya bungwe lina lobwereketsa ndalama. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa boma pa Thyolo. Ndinkafuna K900,000 yogulira makina a ovaloko ndi mipukutu ya nsalu za yunifolomu sukulu zisanatsegulidwe mu Sepitembala. Masamu ndinali nditachita kale: makolo a ana asukulu amabwera okha nthawi imeneyo, vuto limakhala nsalu ndi liwiro basi.

Mnyamata wa pa desiki anandilandira bwino. Anatenga chitupa changa cha unzika, nalemba nambala yake pa kompyuta, kenako anangoti zii kuyang'ana pa sikirini. Ukamasoka zovala za anthu umaphunzira kuwerenga nkhope. Ndinadziwiratu kuti pali kanthu.

"Asisi, bizinesi yanu ndaimva, ndipo ikuoneka kuti ndi yoyenda. Koma dzina lanu lili ndi nkhani ku CRB."

"Ku chani?"

"Ku CRB. Zikuonetsa kuti muli ndi ngongole zomwe simunamalize. Pakadali pano sitingakupatseni."

Ndinaseka pang'ono poganiza kuti asokoneza ndi munthu wina. Ine sindinalowepo mu ofesi imeneyo chibadwire. Nanga iwo andidziwira kuti? Ndinatuluka envelopu ili m'khwapa, manyazi ali thoo, ngati wandigwira ndi chinthu chakuba.

Buku la kugolosale

Madzulo ake ndinakawafotokozera amayi. Iwo anathyola tiyi pa esiteti zaka zoposa makumi awiri, dengu kumsana, kuyambira m'mawa kuli mame mpaka kukayezetsa pa sikelo. Aliyense wokulira kuno amadziwa momwe ndalama ya tiyi imayendera. Mvula ikayamba, cha mu Disembala mpaka Epulo, masamba amaphuka kwambiri, ntchito imachuluka, m'thumba mumakhala kanthu. Kukafika chilimwe tiyi amachepa, aganyu ambiri amaimitsidwa, ndipo pakhomo pamayamba kuwawa.

Pafupi ndi komboni yomwe tinkakhala panali golosale. Mwini wake anali ndi buku lachikuto cholimba, tsamba lililonse dzina la munthu. Sopo, mchere, shuga, parafini, zonse ankalemba. Tsiku la malipiro amayi sankayamba apita kumsika. Ankayamba kugolosale, kukafufutitsa tsamba lawo, zotsalazo ndiye n'kugula ndiwo. Ife ana tinkadandaula, poti anzathu tsiku limenelo amadya nyama. Koma mu Ogasiti, anthu ena akamabwezedwa pa kauntala chimanjamanja, amayi ankangotumiza ine ndi kapepala, n'kubwera ndi zonse.

Nditamaliza kufotokoza za ku ofesi kuja, amayi anangoti: "Ndiye kuti buku lija pano analiika m'makina. Iwe tsamba lako unalisiya lotani?"

Sindinawayankhe. Koma anali atalasa.

CRB ndi chiyani kwenikweni?

CRB ndi chidule cha credit reference bureau, bungwe lomwe limasonkhanitsa mbiri ya momwe anthu ndi makampani amabwezera ngongole. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la mabungwe amenewa, Credit Reference Bureau Act, mu 2010, ndipo linakonzedwanso mu 2016 pofuna kuti obwereketsa azipereka mbiri ya makasitomala awo. Amene amapereka ziphaso ndi kuyang'anira mabungwewa ndi Reserve Bank of Malawi. Mayina awiri omwe mungawamve ndi Credit Data CRB ndi TransUnion.

Mabungwewa sabwereketsa ndalama, komanso si iwo amene amavomera kapena kukana pempho lanu. Ntchito yawo ndi kusunga buku. Mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama amatumizako zomwe akudziwa za inu: munatenga zingati, liti, mumabweza pa nthawi yake kapena mumachedwa, mwatsala ndi zingati. Mukapita kwa wobwereketsa wina, iye amatsegula bukulo n'kuwerenga tsamba lanu. Kuchokera pa mbiri imeneyi ndi pomwe pamatuluka chomwe amati credit score, malikisi ngati a mayeso, osonyeza ngati ndinu munthu wodalirika pobweza. Wobweza pa nthawi yake malikisi amakwera. Wochedwachedwa, wothawa, kapena wodzaza ngongole mbali zonse, amatsika.

Kale munthu ankatha kuthawa ngongole ku Luchenza n'kukayamba moyo watsopano ku Limbe, dzina n'kusintha pang'ono. Masiku amenewo anapita. Chiyambireni kalembera wa zitupa za unzika wa National Registration Bureau mu 2017, aliyense ali ndi nambala imodzi. Nambala yomweyo ndi imene munalembetsera SIM khadi, yomweyo munatsegulira akaunti ya ku banki, yomweyo mumapereka pobwereka. Mukhoza kusintha foni, nambala ya foni, boma lomwe mukukhala, ngakhale dzina la bambo pokwatiwa. Nambala ya chitupa imakutsatani.

Zomwe ndinapeza pa tsamba langa

Chinthu chimodzi chomwe mnyamata wa pa desiki uja anandithandiza nacho n'chakuti munthu ali ndi ufulu wopempha lipoti lake ku CRB, n'kuona zomwe zalembedwa za iye, komanso kutsutsa ngati pali cholakwika. Ndinapempha. Litafika ndinakhala pansi kuseri kwa makina anga osokera, n'kuyamba kuwerenga. Panali zinthu zitatu.

Choyamba chinali changa ndithu, ndilibe wonamizira. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atawononga kuno kummwera, khoma la khitchini ya amayi linagwa. Ndinatenga K35,000 ya ngongole ya pa foni, ija yongodina manambala ndalama n'kulowa. Patapita milungu iwiri foni inandigwera m'madzi. Ndinagula ina, n'kutenga SIM yatsopano ya kampani ina, yakale ija osaibwezeretsa. Mumtima ndinkati, "Aaa, kandalama kochepa kaja, afufuta okha." Sanafufute. Kanali pompo, katabereka chiwongoladzanja ndi chindapusa, pambali pake palembedwa kuti padutsa chaka osalipira.

Chachiwiri chinali cha msuweni wanga, mwana wa azakhali. Mu 2022 anatenga ngongole yogulira njinga yamoto ya kabaza, ndipo anandipempha kuti ndimusayinire ngati womuikira kumbuyo. "Ndi siginecha chabe, asisi, ndalama ndibweza ndine." Ndinasayina osawerenga n'komwe. Anabweza miyezi ingapo, kenako anagulitsa njinga ija n'kupita ku Joni kukasaka maganyu. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti womuikira mnzake kumbuyo si mboni yongoonerera. Mwini ngongole akalephera, ngongoleyo ndi yako.

Chachitatu chinali cholakwika. Mu 2021 ndinatenga ngongole ya pagulu ndi amayi anzanga a pamsika, ndipo ndinamaliza kubweza. Koma pa lipoti inkaoneka ngati idakalipo. Amene anatibwereka aja sanatumize uthenga woti ndinatseka.

Ndiye taonani: K35,000 yomwe ndinaiderera, siginecha imodzi ya chibale, ndi kulakwitsa kwa munthu wina mu ofesi. Zitatuzi zinanditsekera K900,000 ndi sizoni yonse ya mayunifolomu.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife a kuno

Mlendo akamadutsa pa msewu wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe kupita ku Mulanje amaona kubiriwira kokhakokha, n'kumajambula zithunzi. N'zoona, kwathu n'kokongola. Tiyi walimidwa kuno kwa zaka zoposa zana; esiteti ya Satemwa yokha inayamba mu 1923. Koma malo ambiri abwino ali m'manja mwa maesiteti, ndipo Thyolo ndi limodzi mwa maboma omwe anthu ndi othithikana kwambiri. Kamunda ka banja kamagawidwa kwa ana mpaka kutsala kongokwanira nyumba ndi mizere ingapo ya chimanga. Nthochi zomwe makolo athu ankadalira zinatha ndi matenda a chisaka.

Tsono wachinyamata wa ku Goliati, ku Thekerani kapena ku Masambanjati akafuna mpamba, chikole chake n'chiyani? Alibe pepala la malo. Alibe galimoto. Ambiri tilibe ngakhale payslip, poti ntchito zathu n'zodzilemba tokha kapena za sizoni. Chomwe tili nacho ndi dzina. Mbiri yabwino yobweza ngongole ndi chikole cha munthu wopanda chikole.

Dzinalo likada, khomo lotsala ndi la katapila. Kwathu kuno ndaona anthu akutenga K100,000 n'kubweza K150,000 pakutha pa mwezi, khadi la ku banki ndi chitupa zili m'manja mwa mwini ndalama. Ngongole za m'mabungwe ovomerezeka nazo si zotchipa ayi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zinakwera mitengo, ndipo mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake chomwe mabanki amayendera kufika pa 26 peresenti. Komabe kusiyana kwake n'kwakukulu: uko amawerengera pa chaka, wa katapila amawerengera pa mwezi.

Ndikuuzeni zoona, sabata imeneyo ndinafika pakhomo pa wa katapila wina. Ndinaima pageti, n'kubwerera. Ndinaona kuti ndikalowa, ndidzakhala ndikusokera iyeyo chaka chonse.

Kuchapa dzina

Ndinayamba ndi chophweka. Amayi ali ndi chitini cha mabisiketi chomwe amasungamo mapepala onse a pakhomo, kuyambira makadi a sikelo ya ana mpaka malisiti a feteleza. Mmenemo ndinapeza lisiti lomaliza la ngongole ya 2021 ija. Ndinapita nalo kwa amene anatibwereka, ndinalemba kalata yodandaula, n'kusunga kope yake atadindapo chidindo. Zinatenga milungu ingapo ndi maulendo atatu, koma anakonza. Akanakana, ndinali nditauzidwa kale kuti dandaulo lotere likhoza kupita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Popanda lisiti lija, akanakhala mawu anga okha kulimbana ndi kompyuta.

Kenako K35,000 ija. Ndinapita ndekha kukadzipereka, n'kufunsa kuti yafika pa zingati. Nditamva ndinagwira pakamwa. Ndinalipira kawiri, ndipo nditamaliza ndinapempha kalata yotsimikiza kuti ndatseka. Apa mpomwe ndinaphunzira chinthu china chowawa: kulipira sikufufuta mbiri tsiku lomwelo. Lipoti limasintha n'kuonetsa kuti unalipira, koma zoti unachedwa zimakhalapobe kwa nthawi. Chilonda chimapola, chipsera chimatsala. Komabe wobwereketsa amasiyanitsa munthu amene anachedwa n'kulipira ndi amene anangosowa.

Yovuta inali ya msuweni. Mauthenga anga a pa WhatsApp ankawawerenga osayankha. Mapeto ake ndinapita kwa azakhali, ndinakhala pamphasa, n'kuwafotokozera zonse mwaulemu.

"Mwana wanga, ukufuna kumumangitsa m'bale wako chifukwa cha ndalama?" anandifunsa.

"Ayi azakhali, sindikufuna amangidwe. Koma panopa womangidwa ndine. Iwo ali ku Joni akugwira ntchito, ine kuno sindingabwereke ngakhale ya singano."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anaitanitsa amalume, eni mbumba, ndipo nkhani inakambidwa pabanja. Amalume anamuimbira okha foni. Tinagwirizana kuti azitumiza kangachepe mwezi uliwonse, ine n'kumakapereka ndi kutenga lisiti. Ndinapitanso kwa obwereketsawo kukapempha kuti atiyalire ndondomeko yatsopano yobwezera, ndipo anavomera. Anandiuza mawu omwe sindidzaiwala: akanakonda ndikanabwera kale, chifukwa munthu wobwera yekha kudzanena vuto lake amakambirana naye mosiyana ndi amene achita kumusaka.

Miyezi ina msuweni sankatumiza, ndinkaika zanga. Chibale chathu sichinabwerere mwakale, ndisaname. Pa maliro timapatsana moni, basi.

Zomwe ndimachita tsopano

Sindine mlangizi wa zachuma, ndine telala. Koma izi ndi zomwe ndinaphunzira ndi thukuta langa.

Ngongole ilibe yaing'ono. Tonse tinazolowera Kutapa ndi Pasavute, kubwereka mayunitsi n'kudzabweza tikathira ena, ndiye timayamba kuona ngongole iliyonse ya pa foni ngati masewera. Koma ndalama yomwe mwabwereka pa foni nthawi zambiri kumbuyo kwake kumakhala banki kapena bungwe lovomerezeka, ndipo imalembedwa pa dzina lanu ngati ngongole ina iliyonse. Kuphweka kotenga si kuphweka kobweza.

Tsiku lobweza ndimaliika pa alamu ya foni, masiku atatu lisanafike. Wobwereketsa amawerenga masiku, osati zifukwa. Ngongole ikadutsa masiku 90 osalipidwa, mabanki amaiika m'gulu la ngongole zovuta, ndipo kuchoka m'gulu limenelo ndi ntchito.

Ndimabwereka motsatira sizoni ya ndalama zanga. Ngati mumadalira tiyi, kaya kuthyola, kaya kugulitsa malonda kwa ogwira ntchito pa esiteti, musayese mphamvu zanu ndi ndalama ya Febuluwale. Dzifunseni ngati mudzakwanitse kubweza mu Ogasiti, pomwe masamba achepa ndipo makasitomala anu nawo ali pa ngongole.

Sinditenga ngongole kuti ndibweze ngongole ina. Ndaona anzanga akutenga pa foni kuti akatseke ku banki mkhonde, n'kutenga ku banki mkhonde kuti akatseke ku SACCO. Kumeneko ndi kukumba dzenje kuti ukwirire dzenje. Ndipo kufunsira ngongole m'malo ambiri nthawi imodzi nakonso kumapereka chithunzi cha munthu amene madzi afika m'khosi.

Zikavuta ndimapita ndekha tsiku lisanakwane. Kuzimitsa foni kapena kutaya SIM sikuthetsa kanthu, ine ndine umboni.

Ndimasunga lisiti lililonse ndi uthenga uliwonse wa malipiro. Mapepala ndimawajambula n'kuwasunga pa imelo, kuti foni ikatayika asapite nayo. Ndikamaliza ngongole ndimapempha kalata.

Chitupa changa, SIM yanga ndi PIN yanga sizichoka m'manja mwanga. Wina akabwereka ndalama pa nambala yolembetsedwa m'dzina lanu, ngongoleyo ndi yanu, ngakhale simunadyeko ndi tambala yomwe. Foni ikabedwa, thamangani mukatsekese nambala tsiku lomwelo. Ndipo woimba foni n'kumati ndi wa ku kampani, akufuna PIN kuti akukonzereni akaunti kapena akufufutireni dzina ku CRB, ameneyo ndi wakuba. Palibe munthu wa pambali amene angachape mbiri yanu ndi ndalama ya chiphuphu. Imachapika ndi kulipira, kapena ndi umboni woti analakwitsa.

Kwa anzanga omwe munaphunzira ku yunivesite ndi ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board: imene ija si mphatso. Ndi ngongole, ndipo ili pa dzina lanu. Kuli bwino kuyamba kukambirana nawo za kabwezedwe musanafike tsiku lomwe mukufuna ngongole ya nyumba kapena ya bizinesi.

Chomaliza, kusabwereka n'komwe sikukupatsani mbiri yabwino. Kumangokusiyani opanda mbiri, tsamba loyera lomwe wobwereketsa sadziwa kuti aliwerenge bwanji. Mwini golosale uja ankawakhulupirira amayi osati chifukwa sankatenga katundu pa ngongole, koma chifukwa ankatenga n'kubweza, mwezi ndi mwezi. Yambani ndi yochepa yomwe mukudziwa kuti muikwanitsa, kumalo ovomerezeka, mubweze pa nthawi yake. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Sepitembala wina

Sizoni ya 2024 inandidutsa. Ndinasoka mayunifolomu ochepa ndi makina anga akale opalasa ndi mwendo, makasitomala ena n'kuwabweza. Chaka chotsatira ndinapemphanso lipoti langa ndisanapite kulikonse, kuti ndidzionere ndekha zomwe akaone. Kenako ndinabwerera ku ofesi ija. Sanandipatse K900,000. Anandipatsa K400,000, n'kunena kuti ndikabweza bwino tidzakambirana zokulirapo. Ndinagula ovaloko yogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe, nsalu n'kugula ndi ndalama za ku chipereganyu.

Mwezi watha mlongo wanga wamng'ono anabwera pakhonde pomwe ndimasokera. Wangomaliza Fomu 4, akufuna kuyamba geni yogulitsa zipangizo za foni pa Bvumbwe.

"Asisi, tandibwerekani chitupa chanu ndi nambala yanu ija. Inuyo amakupatsani zambiri. Ndingotenga kamodzi, ndibweza ndekha."

Ndinaimitsa makina.

"Chitupa sindikupatsa, achimwene. Ndikupatsa K20,000 yanga, ubweze pa 30. Ukabweza, tikatsegule akaunti m'dzina lako, uyambe tsamba lako."

Anachoka atakwiya, ndalama atatenga. Pa 28 anabwera nayo yonse, ili m'kaenvelopu. Ndinamulembera lisiti pa kapepala ka miyezo ya makasitomala, n'kumuuza kuti akaike m'chitini cha amayi.